Mtima ukapsa, Mkhristu achite nawo chiyani?

Munthu woyamba amene Baibulo limanena kuti anapsa mtima ndi Kaini, ndipo pa nthawiyo n'kuti asanaphe munthu. Anali atangochoka kopereka nsembe. Ya mng'ono wake Abele inalandiridwa, yake inakanidwa, nkhope n'kugwa. Zimene Mulungu anachita pa Genesis 4:6-7 n'zofunika kuziona bwino. Sanamukalipire, sanamuuzenso kuti wachimwa kale. Anamufunsa chimene wakwiyira ndi chimene nkhope yake yagwera, kenako anamuchenjeza kuti tchimo lamubisalira pakhomo, likumufuna, koma iye ayenera kuligonjetsa. Tchimolo linali pakhomo, lisanalowe. Pakati pa kupsa mtima ndi kukhetsa magazi panali mpata, ndipo Mulungu analankhula mumpata umenewo. Kaini funso lija sanaliyankhe, anangopita kukaitana m'bale wake.

M'mipingo muli ziphunzitso ziwiri za mkwiyo zimene sizinalembedwe paliponse, koma anthu amazitsatira kuposa zolembedwa. China chimati munthu wopemphera sakwiya, akakwiya ndiye kuti wabwerera m'mbuyo. Okhulupirira zimenezi amaphunzira kumwetulira akukukuta mano, n'kumati "zilibe kanthu, m'bale" pomwe mumtima mukuwira. China ndi cha anthu a mtima wapachala amene anapeza vesi lobisalamo: "Ngakhale Yesu anagubuduza matebulo m'kachisi." Awa amazazira mkazi, ana, kwaya yonse, n'kumati ndi changu cha pa Ambuye. Magulu onsewa akuzemba ntchito imodzi, yokhala pansi n'kuufunsa mkwiyowo kumene wachokera ndi kumene ukupita.

Tiyambe tavomereza kuti mkwiyo umayamba m'thupi munthu asanasankhe kalikonse. Ubongo ukaona chinthu choopsa kapena chonyoza, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline, mtima umagunda mothamanga, mpweya umafupika, minofu imakungika, nkhope imatentha. Zonsezi zimachitika mwamsanga, mbali ya ubongo yoyeza zinthu mofatsa isanagwire bwino ntchito, ndipo thupi silibwerera msanga m'malo mwake ngakhale chokwiyitsacho chitachoka. Kugunda kwa mtima si tchimo. N'chifukwa chake Paulo pa Aefeso 4:26 anatha kulemba kuti kwiyani koma musachimwe. Kukwiya ndi kuchimwa kukanakhala chinthu chimodzi, chiganizo chimenecho chikanakhala chopanda mutu. Komabe Paulo yemweyo, pa vesi 31, akulamula kuti chiwawo chonse, kupsa mtima, mkwiyo, phokoso ndi mwano zichotsedwe. Akulola kuti mkwiyo ufike ngati mlendo, koma akukana kuti upatsidwe malo omangapo nyumba.

Aphunzitsi akale a mpingo sanagwirizane pa mfundo imeneyi. John Cassian, amene ankalembera amonke m'zaka za m'ma 400, ankaphunzitsa kuti mkwiyo uzulidwe wonse, ndipo malo okhawo oyenera kuulozako ndi machimo a munthu mwiniwake. Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anati mkwiyo wotsogozedwa ndi nzeru si woipa, ndipo kulephera kukwiya pamene choipa chikuchitika kungakhalenso kulakwa. Ine ndimaona kuti Aquinas analondola pa chiphunzitso, pakuti munthu amene angaone mwana akuzunzidwa mtima wake osatekeseka n'komwe sitingamutche woyera. Koma Cassian ankaudziwa mtima wa munthu. Ankadziwa kuti aliyense wokwiya amakhulupirira kuti mkwiyo wake ndi wolungama, makamaka pa nthawi imene wakwiyayo.

Tiyeni tiuone ndithu mkwiyo wa Yesu, popeza ndi kumene ambiri amathawira. Pa Marko 3:5 Yesu ali m'sunagoge tsiku la Sabata, pamaso pake pali munthu wa dzanja lopuwala, ndipo pali anthu amene akungodikira kuti amuchiritse kuti apeze chomunenezera. Akuwafunsa ngati n'kololeka pa Sabata kuchita zabwino kapena zoipa, iwo ali chete. Marko akuti anawayang'ana ndi mkwiyo, akumva chisoni ndi kuuma kwa mitima yawo. Mkwiyo ndi chisoni zili m'chiganizo chimodzi, ndipo chimene chinatuluka mu mkwiyowo ndi dzanja lochira. Nkhani ya m'kachisi nayo ili ndi kavesi kamene anthu amakalumpha. Marko 11:11 akuti Yesu atalowa mu Yerusalemu anapita kukachisi, anayang'ana zonse, ndipo popeza kunali kutada anatuluka kupita ku Betaniya. Matebulo anawagubuduza mawa lake. Anaona, anakagona, n'kubwerera. Kumeneko si kuphulika kwa munthu amene mtima wamuthawa.

Nanga iye mwini atachitidwa chipongwe anatani? Pa Yohane 18:22-23 mlonda anamumenya mbama pamaso pa mkulu wa ansembe. Yesu sanabwezere, koma sanakhalenso chete. Anati ngati walankhula choipa, achitire umboni choipacho, koma ngati walankhula bwino, akumumenyeranji. Yakobo ndi Yohane, amene iye anawatcha ana a bingu, atafuna kuitanitsa moto kuti upsereze mudzi wa Asamariya umene unakana kumulandira, anawadzudzula n'kupitiriza ulendo kupita kumudzi wina. Ndiye muyeso wake ukuoneka: Yesu ankakwiya anthu ena akamaponderezedwa ndi nyumba ya Atate wake ikamanyozedwa, koma pa zonyoza iye mwini ankaugwira mtima. Ambirife timachita mozondoka. Wamasiye akalandidwa katundu timangoti "ndi dziko", koma dzina lathu likaiwalika pa mndandanda wa othokozedwa timasowa tulo.

Mkwiyo umaulula chimene munthu amakonda, ndipo nthawi zina chimene waululacho chimachititsa manyazi. Yona anakwiya mpaka kupempha imfa. Chinamukwiyitsa n'chakuti Nineve sanawonongedwe, ndipo anauza Mulungu poyera kuti n'chifukwa chake anathawa poyamba paja, pakuti ankadziwa kuti iye ndi wachisomo, wosakwiya msanga. Anakwiyanso chomera chimene chinkamupatsa mthunzi chitafota. Kawiri konse Mulungu anamufunsa ngati akuyenera kukwiya, ndipo pomaliza anamuyerekezera zinthu ziwiri: chomera chimene sanachivutikire, ndi mzinda wa anthu oposa 120,000. Davide naye, atamva kwa mneneri Natani za munthu wolemera amene analanda kamwana kankhosa ka wosauka, analusa n'kugamula kuti munthuyo ayenera kufa. Natani anangomuuza kuti munthuyo ndi iyeyo, pakuti Davide anali atalanda mkazi wa mwini. Kawirikawiri tchimo limene timalilusira kwambiri mwa ena ndi limene talibisa mwa ife, kapena pansi pa ukaliwo pali mantha, manyazi, nsanje, kutopa. Bambo amene wachititsidwa manyazi ndi bwana wake masana, osayankha kanthu, madzulo amakalipira mwana chifukwa cha kapu yosweka. Kapuyo ndi yosalakwa, mwananso ndi wosalakwa.

Pali nthawi zina pamene chifukwa chokwiyira ndi chomveka ndithu, koma zochita zake n'kuwononga zonse. Mose amatchedwa munthu wofatsa kuposa onse pa Numeri 12:3. Pa Numeri 20 mlongo wake Miriamu wangomwalira ku Kadesi, madzi kulibe, anthu ayambanso nyimbo yawo yakale yoti bwenzi atatsala ku Iguputo. Ndani sakanatopa? Mulungu anamuuza kuti alankhule ndi thanthwe. Mose anawatcha anthuwo opanduka n'kumenya thanthwe kawiri ndi ndodo. Madzi anatuluka, anthu ndi ziweto anamwa, ndipo apa pali msampha umene abusa ndi makolo ayenera kuuopa: mkwiyo umabweretsa zotsatira. Ukakalipa ana amakhala chete, antchito amathamanga, komiti imavomereza. Choncho munthu amaganiza kuti njira yake ikugwira. Koma Mose anauzidwa pomwepo kuti sadzalowetsa anthuwo m'dziko lolonjezedwa, ndipo Salimo 106:33 likuti anamuwawitsa mtima, iye n'kulankhula mosaganiza. Yakobo 1:20 akunena mwachidule kuti mkwiyo wa munthu suchita chilungamo cha Mulungu.

Ndiye tichite chiyani mtima ukapsa? Malemba amabwereza chinthu chimodzi chosadabwitsa: chedwa. Yakobo akuti munthu azifulumira kumva, azichedwa kulankhula, azichedwa kukwiya. Salimo 4:4, limene Paulo ankatengako mawu ake aja, limati munthu alankhule mumtima mwake ali pakama pake, akhale chete. Nehemiya atamva kuti olemera akukongoza abale awo mwakatapira mpaka osauka kugulitsa ana awo ukapolo, anakwiya kwambiri. Vesi lotsatira, Nehemiya 5:7, likuti anayamba walingalira mumtima mwake, kenako anatsutsa akuluakuluwo ndi kuitanitsa msonkhano. Mkwiyo sunathe, koma unapita kumene unayenera kupita, ndipo minda inabwezedwa kwa eni ake.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri pa zimenezi ndi ya pa 1 Samueli 25. Davide ndi anthu ake anali atateteza abusa a Nabala m'chipululu. Pa nthawi yometa nkhosa anatuma anyamata kukapempha chakudya kwa mwini nkhosa 3,000 ndi mbuzi 1,000 ameneyu. Nabala anayankha monyoza, kufunsa kuti Davide ndani, n'kumuyesa kapolo wothawa mbuye wake. Davide analamula kuti aliyense amange lupanga lake, ananyamuka ndi amuna pafupifupi 400, atalumbira kuti pofika m'mawa sipatsala mwamuna ndi mmodzi yemwe wa kwa Nabala. Kumbukirani kuti m'chaputala cham'mbuyo Davide yemweyu anali atamuleka Sauli m'phanga, munthu amene ankamusaka kuti amuphe. Anapirira mdani wonyamula mkondo, koma mawu achipongwe a munthu wopusa anatsala pang'ono kumusandutsa wakupha. Mayesero aakulu timawaona akubwera n'kukonzeka. Amene amatigwetsa ndi ang'onoang'ono otipeza tatopa ndi tili ndi njala.

Abigayeli, mkazi wa Nabala, anakumana ndi Davide panjira ndi abulu osenza chakudya, ndipo mfundo yake yaikulu inali ya m'tsogolo: tsiku limene mudzakhale mfumu, musadzakhale ndi chikumbumtima chokutsutsani kuti munakhetsa magazi popanda chifukwa. Anamuchotsa m'mphindi ya ukali n'kumuonetsa zaka zakutsogolo. Chimene ndimamulemekezera Davide n'chakuti anamvera, pamaso pa asilikali ake onse, atalumbira kale. Amuna ambiri amapitiriza choipa chifukwa choopa kuoneka ofooka pamaso pa amene anawamva akulumbira. Munthu wa mtima wapachala ayenera kukhala ndi Abigayeli wake, munthu amene wamupatsa ufulu womuimitsa, ndipo ufuluwo aupereke mtima uli m'malo, osati moto utayaka kale.

Mbiri ya mpingo ili ndi chitsanzo cha zimene zimachitika pakasowa woimitsa. Mu 390 ku Tesalonika, mzinda womwe uja Paulo anaulembera makalata, anthu anachita chipolowe n'kupha mkulu wa asilikali. Mfumu ya Aroma Theodosius, Mkhristu wobatizidwa, analusa, ndipo asilikali anapha anthu masauzande, olakwa ndi osalakwa omwe. Ambrose, bishopu wa ku Milan, anamulembera kalata n'kumukaniza Mgonero mpaka atalapa, ndipo mfumu inalapa poyera. Olemba mbiri akale amagwirizanitsa nkhaniyi ndi lamulo loti chilango cha imfa chizidikira masiku 30 chisanachitike. Ifeyo tilibe asilikali, koma tili ndi foni m'manja. Uthenga wolembedwa mtima ukuwira umafika m'sekondi imodzi, umajambulidwa, umatumizidwa kwa ena. Madzi akatayika saoleka. Lembani ngati mukufuna, koma musatumize usiku womwewo. M'mawa mukauwerenga, mwina mudzasiyamo ziganizo ziwiri zokha.

Ena amalangiza kuti mkwiyo uzitulutsidwa: kuwa, menya pilo, swa chinachake, upepukidwa. Katswiri wa zamaganizo Brad Bushman anayesa zimenezi pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2002. Anthu atawakwiyitsa, ena anawauza kumenya thumba la ankhonya akuganizira amene wawakwiyitsayo, ena anangokhala phee kwa kanthawi. Omenya thumba akulingalira za mnzawo aja anatuluka ali okwiya kwambiri ndi okonzeka kubwezera kuposa amene anangokhala. Miyambo 29:11 inanena kalekale kuti chitsiru chimatulutsa mkwiyo wake wonse, koma wanzeru amauletsa. Komatu kuletsa sikutanthauza kumeza. Baibulo lili ndi malo otulutsira za kukhosi, ndiwo pemphero. Werengani Salimo 109 kapena mathero a Salimo 137 mumve mawu amene palibe angayerekeze kuwaimba pa guwa Lamlungu. Anasungidwa m'Malemba dala. Wolembayo sakudzikongoletsa, akunena ukali wake wonse kwa Mulungu, ndipo chiweruzo akuchisiya m'manja mwa amene akumuuzayo. Lupanga sakulinyamula. Pemphero loti "Ambuye, munthu uyu ndikumuda, ndithandizeni" ndi loona kuposa mapemphero ambiri osalala.

Mkwiyo umene wafala kwambiri pakati pa opemphera ndi wopanda phokoso. Mayi akufunsa, "Bambo, kodi chalakwika n'chiyani?" Yankho ndi "Palibe." Mbale ikukankhidwa chakudya chisanathe, wailesi ikukwezedwa, pogona wina wayang'ana kukhoma. Masiku atatu nyumba ili zii, ana akuyenda monyang'ama osadziwa chimene alakwa. Palibe watukwana, palibe wamenya, ndipo Lamlungu onse akhala benchi imodzi. Kutchalitchi nakonso zimachitika: "Ine ndilibe naye chifukwa, ndinamukhululukira kalekale," koma akalowa khomo ili iwe umatulukira linalo, ndipo nkhani yake ukuipereka kwa aliyense monga chopempherera. Kumeneku n'kusunga chakukhosi, ndipo Ahebri 12:15 amakutcha muzu wowawa umene ukaphuka umadetsa ambiri. Mwana wamkulu wa pa Luka 15 sanachokepo pakhomo, sanamwaze chuma, koma mng'ono wake atabwerera anakwiya n'kukana kulowa m'nyumba, ndipo mawu ake akusonyeza kuti zaka zonsezo ankawerengera mumtima, mpaka kamwana kambuzi kamene sanapatsidwe.

Kuthawa anthu sikuthandizanso. Mwa nkhani za amonke a m'chipululu cha Iguputo muli ya m'bale wina amene ankapsa mtima kawirikawiri pakati pa anzake, ndiye anasamukira kuphanga kuti akakhale yekha. Tsiku lina anatunga madzi mumtsuko, atauika pansi unagubuduka. Anatunganso, unagubudukanso. Kachitatu anaunyamula n'kuuswa. Pamenepo anazindikira kuti chimene ankathawa anabwera nacho, ndipo anabwerera kwa anzake aja.

Yesu anapereka njira yolunjika ndi yovuta: pita kwa munthuyo. Pa Mateyu 18:15, m'bale wako akakuchimwira, upite ukamuuze muli awiri. Pa Mateyu 5:23-24, ukakumbukira uli paguwa kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, usiye mphatso yako pomwepo, uyambe wakayanjana naye. Ukalakwiridwa ndiwe wopita, ukalakwa ndiwenso wopita. Palibe mpata wonena kuti abwere yekha. Ndipo mawu oyamba ndi amene amatsegula kapena kutseka khomo. "Inu nthawi zonse mumandinyoza" ndi mlandu, ndipo woimbidwa mlandu amayamba kudziteteza. "Achimwene, mawu amene munalankhula pamsonkhano paja anandipweteka, ndimafuna ndimve chimene munkatanthauza" ndi nkhani imodzi, ya tsiku limodzi, imene munthu angathe kuiyankha. Miyambo 15:1 imati mayankhidwe ofatsa amabweza mkwiyo. Sinati amagwira nthawi zonse, n'chifukwa chake Yesu anawonjeza kuti akapanda kumva utenge mmodzi kapena awiri, ndipo Paulo pa Aroma 12:18 anati ngati n'kotheka, monga mmene mungathere inuyo, khalani mwamtendere ndi anthu onse.

Mawu a Paulo pa Aefeso 4:26 oti dzuwa lisalowe muli chikwiyire, mabanja ena amawatenga ngati lamulo la wotchi, n'kumakangana mpaka pakati pa usiku maso ali psuu, aliyense akulankhula zimene adzanong'oneza nazo bondo. Sindikuganiza kuti Paulo ankafuna zimenezo. Mfundo yake ndi yoti mkwiyo ukhale ndi malire, chifukwa vesi lotsatira likuti musampatse malo Mdyerekezi. N'zotheka kunena kuti, "Nkhaniyi sinathe, tikambirane mawa tikapuma, koma dziwani kuti sindine mdani wanu." Pamenepo chidani chatsitsidwa ngakhale nkhani isanathe. Chofunika n'chakuti mawa lifikedi, pajatu zengerezu analinda kwawukwawu.

Nanga wolakwayo akakana kulakwa kwake, kapena anamwalira, kapena chimene anachita n'chachikulu? Aroma 12:19 akuti musabwezere, siyirani malo mkwiyo wa Mulungu, pakuti kubwezera n'kwake. Vesili silikunena kuti choipacho n'chaching'ono. Likunena kuti pali Woweruza, ndipo si iweyo. Kukhululuka ndi kutula udindo wobwezera, ndipo pa mabala akuya kumachitika mobwerezabwereza, tsiku lililonse limene chikumbukirocho chabwera. M'fanizo la pa Mateyu 18, kapolo wokhululukidwa matalente 10,000 anagwira pakhosi mnzake wa madinari 100. Dinari inali malipiro a tsiku limodzi, choncho ngongoleyo sinali yoseketsa. Inangochepa poiyerekeza ndi imene iye anakhululukidwa. Ndiponso kukhululuka sikuletsa kufuna chilungamo. Paulo atakwapulidwa popanda mlandu ku Filipi, anakana kutulutsidwa m'ndende mwakachetechete, anati akuluakulu a mzindawo abwere okha adzamutulutse, ndipo anabweradi kudzapepesa. Patapita zaka, pa mlandu wina, anapempha kuti nkhani yake ikamvedwe ndi Kaisara.

Izi n'zofunika kwambiri pamene mkwiyo wafika pa nkhanza. Mavesi a kuleza mtima akhala akugwiritsidwa ntchito molakwika kubwezera mkazi womenyedwa kunyumba kumene akamenyedwenso, ndi mawu akuti "kapirireni, muzimupempherera." Davide sanaime chilili kuti Sauli aponyenso mkondo, anathawa, ndipo Malemba samudzudzula. Womenyedwa ali ndi ufulu wochoka, wopita kuchipatala ndi wokadandaula kupolisi, ndipo mpingo uyenera kumuthandiza kuchita zimenezo. Womenyayo akati "mtima unangondithawa", afunsidwe chifukwa chake mtimawo suthawa pamaso pa bwana wake kapena wapolisi, koma pamaso pa mkazi ndi ana okha. Misozi ya m'mawa mwake si kulapa. Kulapa kwake kuonekere pa kuvomera zimene wachita pamaso pa anthu amene angamuletse, kusiya mowa ngati ndi umene umayatsa, kupita kwa aphungu odziwa ntchitoyi, ndi kulola kuti womenyedwayo ndiye anene nthawi yobwerera, ngati angabwerere. Pa 1 Timoteo 3:3 ndi Tito 1:7 Paulo akuti woyang'anira mpingo asakhale womenya anthu, ndipo kwa Tito akuwonjeza kuti asakhale wopsa mtima msanga. Munthu wotere atule kaye udindo, ngakhale atakhala mlaliki wokoma chotani.